Mtengatenga Yemwe Alinso Mthenga: Mapuloteni Onyamula Mafuta ndi Moyo wa Maselo a Ubongo

Mawu oyamba

M'mwezi wa June chaka cha 2023, mwera utayamba kuwomba panyanja, anganga anga, mayi awo a amayi anga, anapezeka m'bandakucha ali okha padooko la kwathu, panjira yochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Anali atangofunda chitenje chimodzi, akunjenjemera ndi chisanu. Anyamata amene ankasoka makoka atawafunsa chimene ankafuna, anayankha kuti akudikira bwato la amuna awo. Amuna awowo anamwalira ine ndili Sitandade 3. Dzuwa lisanafike pamutu nkhaniyi inali itazungulira mudzi wonse, ndipo inali itasintha kale: ena ankanena kuti nkhalambayo yagwa m'lichero pochokera kokatamba.

Titapita nawo kuchipatala, dokotala anatchula dzina la Chingerezi lakuti dementia, nafotokoza kuti maselo a muubongo wawo akufa pang'onopang'ono. Tili panjira yobwerera, amjomba, monga timatchulira amalume kwathu, ananditembenukira nati, "Iwe ndiye wa kuyunivesite, wophunzira ziyankhulo. Zimenezi m'Chichewa ndiye kuti chiyani? Nanga akufa chifukwa chiyani maselowo?" Ndinangoti kukamwa yasa. Chimangirizo chino chachokera pa funso limenelo. Ine si wasayansi. Ndawerenga zimene asayansi analemba, ndipo ndayesa kuziika m'chiyankhulo chimene amjomba angamve. Ndasankha mbali imodzi yokha ya nkhaniyi, ya mapuloteni amene amanyamula mafuta, chifukwa ndi imene inandionetsa kuti selo la ubongo silikhala ndi moyo palokha.

Mafuta sayenda okha

Aliyense amene anatsukapo poto wokazingira nsomba amadziwa kuti mafuta ndi madzi sizigwirizana. Tsono gawo lalikulu la magazi athu ndi madzi, pamene chiwalo chilichonse chimafuna mafuta. Thupi limathetsa vutoli pokulunga mafutawo m'timipira ting'onoting'ono, mafuta m'kati, puloteni kunja. Kampira kotere asayansi amakatcha lipoprotein, ndipo puloteni ya kunjayo amaitcha apolipoprotein. Amene anayezetsapo magazi n'kuuzidwa za LDL ndi HDL anamvapo kale za timipira timeneti. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, m'dziko la America, analandira mphoto ya Nobel mu 1985 chifukwa choonetsa kuti pakhungu la selo pali puloteni ina yogwira ntchito ngati chipata, imene imazindikira kampirako n'kukalowetsa m'kati. M'Chingerezi amati receptor. Ine m'chimangirizo chino ndiziti chipata.

Ubongo uli ndi nkhani yakeyake. Kulemera kwake ndi pafupifupi magawo 2 pa 100 alionse a thupi lonse, komabe umasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kolesitolo yense wa m'thupi. Chodabwitsa n'chakuti kolesitolo ameneyu sachokera m'mbale. Mitsempha ya magazi ya muubongo ndi yomatidwa kwambiri, ngati mpanda wopanda mpata, kotero kuti timipira ta m'magazi sitidutsa. Ubongo umadzipangira wokha kolesitolo wake. Mwa munthu wamkulu ntchito yaikulu yopangayo imagwiridwa ndi maselo othandiza, ooneka ngati nyenyezi, otchedwa astrocyte. Maselo amenewa amasenzetsa kolesitoloyo puloteni yotchedwa ApoE, ndipo ApoE amakatula katunduyo kwa manyuroni, amene ali maselo otumiza ndi kulandira uthenga.

Munthu ali ndi manyuroni pafupifupi 86 biliyoni muubongo. Nyuroni ndi selo losiyana ndi anzake: lili ndi nthambi zambirimbiri komanso mchira wautali, ndipo michira ina, monga yochoka kumsana kukafika kuchala cha kuphazi, imatalika pafupifupi mita yathunthu. Khungu lonse la nthambizi ndi lomangidwa ndi mafuta. Chofunda chimene chimakuta mchirawo kuti uthenga uzithamanga, chotchedwa myelin, nachonso ndi mafuta ambiri. Pamene nyuroni ikumana ndi inzake pali kampata kotchedwa synapse, kamene ndingati ndi mphambano, ndipo mankhwala onyamula uthenga amawoloka mphambanoyo atatuluka m'timatumba ta mafuta. Mu 2001 gulu la Frank Pfrieger linalera manyuroni a m'maso mwa makoswe m'mbale za m'labotale. Manyuroni oleredwa okha ankapanga mphambano zochepa ndi zofooka. Atawathirira madzi amene munakhala maselo othandiza aja, mphambano zinachuluka. Atafufuza chimene chinali m'madzimo, anapeza kuti ndi kolesitolo atanyamulidwa ndi ApoE.

Mtengatenga ndi mthenga

Pofika apa ndinaganiza kuti ndapeza mawu a Chichewa. M'masiku a atsamunda, sitima za pamadzi zinkalephera kudutsa mathithi a mtsinje wa Shire, choncho katundu ankasenzedwa pamutu kukafika ku Matope, kumene ankakwezedwanso m'sitima zopita ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi. Anthu osenzawo ankatchedwa amtengatenga. Ndinati basi, ApoE ndi mtengatenga wa muubongo. Koma nditapitiriza kuwerenga ndinaona kuti mawuwa akungonena theka la nkhani.

Selo lililonse lili ndi njira yodziphera lokha mwadongosolo, imene asayansi amaitcha apoptosis. Si ngozi ayi. Mwana akamaumbika m'mimba, manyuroni amapangidwa ochuluka kuposa ofunika, ndipo amene sanapeze anzawo olumikizana nawo amadzipha. Ndiye kuti nyuroni imakhala ndi moyo chifukwa nthawi ndi nthawi imalandira mawu ochokera kwa anansi ake oiuza kuti ikufunikabe. Mawuwo akasiya kufika, imayamba kudzikonzera maliro. Vuto n'lakuti manyuroni ambiri akafa sabwezeretsedwa. Khungu likasupuka limamera lina. Ubongo wa munthu wamkulu suchita chimodzimodzi.

Mu 2007 gulu la Jean Vance la ku yunivesite ya Alberta, mumzinda wa Edmonton ku Canada, linachita kafukufuku amene anandisintha maganizo. Anatenga manyuroni n'kuwamana zinthu zimene zimawasunga ndi moyo, ndipo manyuroniwo anayamba kudzipha. Atawapatsa timipira tokhala ndi ApoE, ambiri anapulumuka. Munthu angafulumire kunena kuti anapulumuka chifukwa alandira chakudya. Koma ofufuzawo atachotsa kolesitolo m'timipiramo, chitetezo chija chinalipobe. Atapereka mafuta okha popanda ApoE, manyuroni anafa. ApoE wopanda mafuta alionse nayenso sanathandize. Atatseka chipata china chotchedwa LRP1, chitetezo chinachepa. Chimene chinkapulumutsa selo si katundu wotulidwa, koma kugogoda kwa ApoE pachipatapo atasenza mtolo wake. Kugogodako kumadzutsa mapuloteni a m'kati mwa selo, wina kudzutsa mnzake, mpaka kukafooketsa puloteni yotchedwa GSK3-beta imene imakankhira selo ku imfa.

Zimenezi si zachilendo kwa munthu wokulira m'mudzi. Mlamu akabwera ndi dengu la ufa panyumba ya mayi wodwala, ufawo ndi wofunika, koma kubwerako pakokha kukunena kuti banja silinakutayeni. Dengu lopanda mwini likangopezeka pakhomo, anthu amayamba kaye akayika. Mlamu wobwera chimanjamanja nayenso amaonedwa mwina. M'Chichewa mawu akuti mtengatenga ndi mthenga amamveka ngati apachibale, ngakhale sindikunena kuti anachokera ku tsinde limodzi. Kampweya kamene timakalemba ndi h ndi kamene kamapatula kutenga ndi uthenga. ApoE ali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Umboni wina wakuti zipata zimenezi zimamva uthenga unachokera kwa mbewa yodzandira. Mu 1951 Douglas Falconer wa ku Edinburgh anafotokoza za mbewa zobadwa zikuyenda ngati zaledzera, nazitcha reeler. Muubongo wa mbewazi manyuroni amakhala m'malo olakwika, mizere yake itasokonekera. Mu 1995 kunapezeka kuti zimasowa puloteni imene inapatsidwa dzina lakuti Reelin. Kenaka mu 1999 gulu la Joachim Herz, la ku Dallas komwe kuja, linachotsa mwa mbewa zabwinobwino zipata ziwiri zimene anthu ankazidziwa ngati zolandirira mafuta, ApoER2 ndi VLDLR. Mbewazo zinabadwa zikudzandira ngati reeler. Reelin sanyamula mafuta, koma amagogoda pa zipata zomwezo za amtengatenga kuti auze nyuroni yaing'ono poyenera kuima. Mwa wamkulu, kugogoda komweku kumalimbitsa mphambano zija, ndipo kulimba kwa mphambano ndiwo maziko a kuphunzira ndi kukumbukira.

Pala ndi phala

M'chaka choyamba cha maphunziro a ziyankhulo tinaphunzira za mawu awiri osiyana liwu limodzi lokha koma matanthauzo ake ali kutalikutali, monga pala ndi phala, kapena kola ndi khola. ApoE ali ndi khalidwe lomweli. Puloteni ndi mkanda wa tizidutswa totchedwa amino acid, ndipo mkanda wa ApoE uli ndi tizidutswa 299. Mwa anthu muli mitundu itatu yodziwika, ApoE2, ApoE3 ndi ApoE4, imene imasiyana pa malo awiri okha, a 112 ndi a 158. ApoE3, amene ali wofala kwambiri, amasiyana ndi ApoE4 kachidutswa kamodzi. Munthu amatengera mtundu umodzi kwa mayi, wina kwa bambo.

Mu 1993 gulu la Allen Roses la ku yunivesite ya Duke linalengeza kuti ApoE4 amawonjezera chiopsezo cha matenda a Alzheimer, amene ali mtundu wofala kwambiri wa dementia ndipo anafotokozedwa koyamba ndi dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, mu 1906. Mwa azungu, wotengera ApoE4 kwa kholo limodzi amakhala pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi katatu, ndipo wotengera kwa makolo onse awiri chimawirikiza kakhumi kapena kuposa. Zifukwa zake n'zingapo. ApoE4 sathandiza bwino kuchotsa zinyalala za puloteni yotchedwa amyloid zimene zimaundana pakati pa manyuroni. M'kafukufuku wa ku Edmonton uja, ApoE4 ankateteza maselo mochepera kuposa ApoE3. Ndipo mu 2010 gulu la Herz linaonetsa chinthu chimene ndimachiona ngati chomvetsa chisoni kwambiri: ApoE4 akalowa m'selo pamodzi ndi chipata chake, chipatacho chimachedwa kubwerera pakhungu. Reelin akabwera kudzagogoda amapeza palibe pogogoda. Mtengatenga wazula chitseko n'kulowa nacho m'nyumba.

Apa pafunika kusamala, chifukwa ziwerengero zimenezi si za anthu onse. ApoE4 ndi wofala pakati pa mitundu yambiri ya mu Africa kuposa ku Ulaya, ndipo ndiye mtundu wakale kwambiri mwa itatuyo. Komabe kafukufuku amene anayamba mu 1992 wofananitsa Ayoruba a ku Ibadan, ku Nigeria, ndi anthu akuda a ku Indianapolis, ku America, anapeza kuti matendawa anali ochepa ku Ibadan, ndipo mgwirizano wa ApoE4 ndi matendawa unali wofooka kwambiri kumeneko. Liwu lomwelo likhoza kumveka mosiyana malinga ndi mawu amene lazunguliridwa nawo. Wophunzira fonoloje sadabwa nazo. Kutengera ApoE4 si chigamulo. Ambiri amene ali naye amakalamba mutu uli bwinobwino, ndipo ambiri odwala alibe.

Pali msampha wina wa chiyankhulo umene ndinagweramo ndekha. Mabuku a sayansi a m'Chichewa amamasulira gene kuti jini, zambiri majini. Tsiku lina ndinauza azakhali kuti matenda ena a ukalamba amayendera majini. Anandiyang'ana nagwedeza mutu ngati ndatsimikiza zimene ankaganiza kale. Kwathu ku Mangochi majini ndi mizimu imene imagwira munthu, ndipo m'malo mozimitsa mphekesera ndinali nditaikolezera. Kuyambira tsiku limenelo ndimati zotengera kumtundu. Omasulira mabuku a zaumoyo amene amakhala ku Zomba ndi ku Lilongwe angachite bwino kumayesa kaye mawu awo padooko asanawasindikize.

Usipa

Ndanena kuti kolesitolo wa m'chakudya safika muubongo. Koma pali mafuta ena amene ubongo supanga okwanira ndipo umadalira kuti achokere kunja. Odziwika kwambiri ndi a DHA, amene amadzaza khungu la manyuroni, makamaka pa mphambano ndi m'maso. Mafutawa amachititsa khungu la selo kukhala lofewa kuti zipata zizigwira bwino ntchito. Kwa nthawi yaitali funso linali lakuti amadutsa bwanji mpanda uja. Mu 2014 gulu la David Silver ku Singapore linapeza kuti DHA amayenda m'magazi atamangiriridwa ku mafuta ena, atasenzedwa ndi puloteni yotchedwa albumin, ndipo pampandapo pali puloteni ina, MFSD2A, imene imamuwolotsa. Chaka chotsatira anapezeka mabanja amene ana awo anabadwa puloteni imeneyi itawonongeka. Anawo anali ndi mitu yaing'ono kwambiri chifukwa ubongo sunakule.

DHA amapezeka kwambiri mu nsomba, ndipo apa nkhaniyi ikufika pathandala la kwathu. Mu 2015 ofufuza amene ankagwira ntchito m'boma la Mangochi anasindikiza zimene anapeza atayeza mkaka wa m'mawere wa amayi 718. DHA anali 0.73 pa 100 ya mafuta a mumkakamo, pamene padziko lonse chiwerengero chapakati ndi 0.32. Ndiye kuti amayi a m'mbali mwa nyanja, ambiri a iwo osauka, anali ndi mkaka wa DHA wochuluka kuwirikiza kawiri. Atayeza usipa wouma anapezamo mafutawa ochuluka. Usipa womwewu umene anzanga a m'tauni amaunyoza kuti ndi ndiwo ya pakati pa mwezi! Chambo chinayamba kusowa m'nyanja ya Malombe chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndipo mtengo wake unachoka pa msinkhu wa munthu wamba, koma kansomba kakang'onoka, kodyedwa ndi mutu womwe, kakhala kakumanga ubongo wa ana a m'boma lino mwakachetechete.

Kafukufuku wina, wotchedwa iLiNS-DYAD, analemba amayi oyembekezera 1,391 ku Mangochi, Malindi, Lungwena ndi Namwera m'zaka za 2011 ndi 2012. Ena mwa iwo, ndi ana awo pambuyo pake, ankalandira kaphukusi ka chakudya cha mafuta chonga chiponde tsiku lililonse. Anawo atafika miyezi 18, sipanaoneke kusiyana kwenikweni pa kakulidwe ka nzeru pakati pa olandira ndi osalandira. Kumbali ina, kafukufuku wosindikizidwa mu 2022 wa ana onyentchera kwambiri a m'chigawo cha kummwera anaonetsa kuti chiponde chochepetsedwa mafuta a linoleic acid n'kuwonjezeredwa DHA chinathandiza nzeru za ana kuposa chiponde cha masiku onse. Ine ndikuwerengamo kuti funso si lakuti mafuta alipo kapena palibe, koma ndi mafuta anji, apita kwa yani, ndipo awanyamula ndani. Sindikufuna kuti wina atuluke m'chimangirizo chino akunena kuti usipa ndi mankhwala a dementia. Anganga adya usipa moyo wawo wonse.

Zimene ndinakanena kumudzi

Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, ena kuphedwa, chifukwa cha mawu amenewa. Munthu amene amayenda usiku, amayankhula ndi akufa, amaiwala mayina a ana ake ndipo nthawi zina amavula pagulu, akukwanira ndendende pa chithunzi chimene mudzi uli nacho cha mfiti. Chiyankhulo chathu sichithandiza kwenikweni. Tikati kuiwalaiwala tachepetsa, chifukwa aliyense amaiwala. Tikati misala tanyoza. Tikati abwerera kuumwana tanena mwaulemu, koma tabisa kuti ndi matenda. Pamene palibe mawu oyenera, mawu akuti ufiti amakhala ali pafupi, ndipo aliyense amawadziwa.

Pa tchuthi chotsatira a mfumu anaitanitsa akuluakulu a mabanja oyandikana nafe, ndipo amjomba anandiuza kuti ndiyankhule. Ndinagwada monga mwa mwambo, mawu akunjenjemera. Sindinatchule ApoE kapena Reelin. Ndinati muubongo muli timaselo tambirimbiri tolumikizana ngati maso a khoka, ndipo kalikonse kamakhala ndi moyo chifukwa pali amtengatenga amene amakabweretsera mafuta n'kukauza kuti kakufunikabe. Munthu akakalamba, mwa ena njira zimenezi zimatsekeka, maso a khoka amaduka limodzilimodzi, ndipo zimene zinagwidwa posachedwa ndi zimene zimayamba kupulumuka, zakale n'kutsala. N'chifukwa chake anganga amakumbukira bwato la amuna awo koma sakumbukira kuti adya nsima masana. Ndinati matendawa tiziwatcha matenda oduka kukumbukira, mpaka wina atapeza dzina labwino kuposa limenelo.

Bambo wina wachikulire, msodzi wopuma, anafunsa ngati khoka lotere limasokeka. Ndinayankha kuti pakadali pano palibe mankhwala obwezeretsa maselo amene afa, koma kuyezetsa ndi kuchiza kuthamanga kwa magazi ndiponso shuga kumateteza mitsempha ya muubongo ndipo kumachepetsa chiopsezo kwa amene sanadwale. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati mkazi wake naye wayamba kuthira mchere kawiri mundiwo ndi kusochera pochokera kumjigo. Si onse anakhutira. Mayi wina ananyamuka nkhani isanathe, ndipo mpaka lero salola ana ake kudutsa pakhomo pathu.

Amjomba anakhoma loko wachiwiri pachitseko, pamwamba pamene anganga safikira, ndipo msuweni wanga wamkazi amagona m'chipinda chawo. Anyamata a padooko anagwirizana kuti akawaona aziwaperekeza kunyumba osawafunsa mafunso. Ine ndikapita kutchuthi amanditchula dzina la amayi anga, ndipo ndinasiya kuwakonza. Ndimangoyankha kuti "Wawa, anganga," n'kukhala nawo pamkeka tikusankha usipa wa madzulo.